Mbiri ya malemu a Profesa Max Gluckman, mphunzitsi amene anamveketsa mabwalo a milandu a Alozi

Pa anthu ophunzira kwambiri amene anagwirapo nchito m'dziko muno tisanalandire ufulu wodzilamulira, ndi ocepa cabe amene dzina lao limachulidwabe m'mayunivesiti a maiko akunja monga la malemu a Profesa Max Gluckman. Iwo anali katswiri wa maphunziro a cikhalidwe ndi miyambo ya anthu, ndipo anatsogolera bungwe lofufuza la Rhodes-Livingstone Institute kucokera mu 1941 kufikira mu 1947. Anamwalira mu 1975 atalandira mamendulo ndi maulemu osiyanasiyana. Lero amakumbukiridwa pa zinthu ziwiri: mabuku amene analemba onena za malamulo a Alozi, ndiponso gulu la ophunzira limene analiumba, limene linalemba za Angoni, Acewa, Atonga, Ayao ndi anthu a kumigodi.

A Gluckman anabadwira mu mzinda wa Johannesburg ku South Africa pa 26 January 1911, m'banja la Ayuda amene anacokera ku maiko olamulidwa ndi Russia. Atate ao anali loya, ndipo anali kuimirirako anthu akuda pa milandu panthawi imene maloya ambiri acizungu sanali kufuna kutero. Mwanayo anakula akumva nkhani za milandu panyumba, motero pamene analowa pa yunivesiti ya Witwatersrand colinga cake cinali cakuti atsate mapazi a atate ake. Koma ali pomwepo anamvera maphunziro a mai Winifred Hoernlé, amene anali kuphunzitsa za cikhalidwe ca anthu, ndipo mtima wake unatembenukira kumeneko. Ngakhale zinatero, cidwi ca pa malamulo sicinamucokere mpaka imfa.

Mu 1934 anapata thandizo la maphunziro la Rhodes Scholarship napita ku Exeter College pa yunivesiti ya Oxford ku Britain, kumene anatenga digiri ya udokotala mu 1936. Ali ku Britain anadziwana ndi akatswiri ochuka a nthawi imeneyo monga a Edward Evans-Pritchard ndi a Bronislaw Malinowski.

Atabwerera kwao anakakhala pakati pa Azulu kucokera mu 1936 kufikira mu 1938. Kumeneko ndi kumene anaona cinthu cimene cinawachukitsa poyamba. Mu January 1938 anapezeka pa mwambo wotsegulira mlatho kumpoto kwa dziko la Azulu. Pamwambopo panali akuluakulu a boma acizungu, mafumu, amishoni, apolisi, Akhristu ndi anthu otsata cipembedzo ca makolo. A Gluckman analemba mwatsatanetsatane amene anaima pati, amene analankhula poyamba, amene anamwa tiyi ndi amene anamwa mowa wamasese. Kucokera pa tsiku limodzi limenelo anaonetsa kuti azungu ndi Azulu, ngakhale anali olekanitsidwa ndi tsankho ndipo mphamvu zao zinali zosalingana, anali m'dongosolo limodzi la umoyo, wina akudalira mnzake pa nchito, pa misonkho ndi pa ulamuliro. Nkhaniyi inasindikizidwa mu 1940. M'dziko limene boma linali kuphunzitsa kuti mitundu iyenera kukhala payokhapayokha, mfundo yotere sinali yokondweretsa olamulira.

Mu 1939, caka cimene anakwatira mai Mary Brignoli, a Gluckman anabwera ku Northern Rhodesia kudzayamba nchito pa Rhodes-Livingstone Institute mu tauni ya Livingstone. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1937 mothandizidwa ndi bwanamkubwa Hubert Young. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 1935, anchito a kumigodi ya kopa ananyanyala nchito ndipo anthu asanu ndi mmodzi anaphedwa ku Luanshya. Boma la atsamunda linazindikira kuti silinali kumvetsa zimene zinali kucitika pakati pa anthu amene linali kuwalamulira. Mtsogoleri woyamba wa bungweli, a Godfrey Wilson, anafufuza za umoyo wa anchito ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, koma anasemphana ndi eni mgodi amene sanakondwere ndi kuyanjana kwao ndi anthu akuda. A Wilson anatula pansi udindo mu 1941, ndipo a Gluckman, ali ndi zaka 30 cabe, anatenga malo ao.

Nchito yao yaikulu yofufuza anaicitira ku Barotseland, kumene tsopano ndi cigawo ca kumadzulo. Anaphunzira Cilozi ndipo mu 1941 anatulutsa kabuku kofotokoza za cuma ca m'cigwa ca Zambezi, mmene kusefukira kwa madzi kumalamulira ulimi, usodzi, ziweto ndi kusamuka kwa anthu caka ndi caka. Pambuyo pake anayamba kukhala masiku ambiri m'bwalo la milandu la Alozi lochedwa kuta, makamaka ku likulu la a Litunga ku Lealui, akumvetsera ndi kulemba milandu monga mmene inali kuzengedwera.

Panthawiyo azungu ambiri, ngakhale ophunzira, anali kukhulupirira kuti Aafirika alibe malamulo eni eni koma miyambo cabe, ndi kuti mfumu imagamula monga mmene yafunira. Zimene a Gluckman anaona ku Lealui zinatsutsa maganizo amenewa. Anapeza kuti nduna zinali kumvetsera mbali zonse ziwiri, kufunsa mboni mafunso okhwima, kusiyanitsa zimene munthu anaona ndi maso ndi zimene anangomva, ndipo pomaliza zinali kupereka zifukwa za cigamulo. Polankhula, nduna zazing'ono ndizo zinali kuyamba, zazikulu n'kutsatira, kufikira wamkulu wa bwalo atamanga mfundo.

Anapezanso kuti oweruza a Cilozi anali ndi muyeso woyesera khalidwe la munthu. Iwo anali kufunsa ngati woimbidwa mlandu anacita zimene mwamuna wanzeru, tate wanzeru kapena nduna yanzeru ikanacita pamalo pake. A Gluckman anaonetsa kuti muyeso womwewu, wa munthu woganiza bwino, ndi umene oweruza a ku England amagwiritsanso nchito. Kusiyana kunali kwakuti m'mudzi anthu okangana amakhala omangika m'njira zambiri panthawi imodzi. Amene mukulimbirana naye munda ndi mbale wanu, ndi mnansi wanu, ndiponso ndi amene adzakuthandizani pa maliro. Cifukwa ca ici, bwalo silinali kuyang'ana pa mfundo imodzi yokha ya mlandu. Linali kufukula mbiri yonse ya mkangano, kudzudzula aliyense pamene analakwa, ndi kufunafuna cigamulo cosapha cibale.

Umodzi wa milandu imene anailemba, umene ophunzira za malamulo amauwerengabe, unali wa mwini mudzi amene anakangana ndi ana a mbale wake pa nkhani ya minda. Lamulo linali lakuti wocoka pamudzi amataya minda ya pamudzipo. Koma nduna zinaona kuti mkuluyo anakondera ana ake omubala pa mkangano umene unabalalitsa banjalo, ndipo zinamudzudzula. Zinasunga lamulo la minda, koma zinakonza cigamulo mwa njira yotsegulira anawo khomo lobwerera kwao.

Zonsezi zinatuluka mu 1955 m'buku lochedwa The Judicial Process among the Barotse of Northern Rhodesia. Bukuli linawerengedwa ndi maloya ndi oweruza m'maiko ambiri, ndipo linayambitsa mtsutso umene unatenga zaka. Katswiri wa ku America, a Paul Bohannan, amene anafufuza za milandu pakati pa mtundu wa Tiv ku Nigeria, anatsutsa kuti kufotokoza malamulo a Aafirika ndi mau a m'makhoti a ku Ulaya kumapotoza tanthauzo lao. A Gluckman anaumirira kuti popanda mau ofanana palibe njira yoyerekezera, ndipo anthu adzapitiriza kuganiza kuti nzeru za kuweruza zili ndi azungu okha.

Mbali ina ya mbiri yao ndi ya uphunzitsi. Mu 1945 anasindikiza dongosolo la zaka zisanu ndi ziwiri la kafukufuku wa m'cigawo cino ca Afirika. Mfundo yake inali yakuti midzi, migodi ndi matauni ziyenera kufufuzidwa pamodzi, popeza mnyamata wocoka kumudzi kukagwira nchito ku Luanshya amasintha umoyo wa kumudzi ndi wa kumgodi komwe. Boma la Britain litapereka ndalama, analemba nchito acinyamata ophunzira. Asanawatumize kumadera ao, mu 1946 anapita nao ku dziko la Alamba kukawaonetsa kawerengedwe ka anthu m'mudzi, kalembedwe ka mibadwo ya mabanja ndi kayesedwe ka minda, mothandizana ndi katswiri wa zaulimi a William Allan.

Kucokera m'gulu limeneli, a John Barnes anapita kwa Angoni a Mpezeni ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, ndipo buku lao la mbiri ya ndale za Angoni linatuluka mu 1954. A Max Marwick anakhala pakati pa Acewa a kum'mawa ndipo mu 1965 anatulutsa buku lofotokoza mmene kunenezana ufiti kumayenderana ndi mikangano ya pacibale. A Clyde Mitchell anafufuza za midzi ya Ayao ku Nyasaland, kenaka analemba za gule wa kalela wa ku Luanshya mu 1956. Mai Elizabeth Colson anapita kwa Atonga a kumwera, ndipo kuyambira mu 1956 anatsatira umoyo wa Atonga a ku Gwembe amene anasamutsidwa pomanga damu la Kariba. Maiwa anakonda dziko lino kotero kuti anadzakhazikika ku Monze, kumene anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 99.

Mu 1947 a Gluckman anacoka m'dziko muno kukaphunzitsa ku Oxford, ndipo mu 1949 anasankhidwa kukhala profesa woyamba wa Social Anthropology pa yunivesiti ya Manchester. Ubale wao ndi Rhodes-Livingstone Institute sunaduke. Ofufuza anali kucoka kuno ndi zolemba zao kupita ku Manchester, kumene anali kukhala pansi ndi mphunzitsi wao ndi anzao kusanthula mfundo imodzi ndi imodzi. Mwa iwo munali a Victor Turner, amene analemba za Andembu a ku Mwinilunga mu 1957, a Arnold Epstein, amene analemba za ndale za anchito a ku Luanshya mu 1958, a William Watson amene anakhala pakati pa Amambwe, a Ian Cunnison a ku Luapula, ndi a Jaap van Velsen amene anafufuza za Atonga a m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Gulu limeneli linadzadziwika pa dziko lonse ndi dzina lakuti Manchester School.

Kaphunzitsidwe ka a Gluckman kanali kolimba. Anali kuwerenga zolemba za ophunzira ao mzere ndi mzere, kuwafunira ndalama ndi nchito, kuwathandiza kusindikiza mabuku, ndipo mabuku ambiri mwa amenewa ali ndi mau oyamba olembedwa ndi iwo. Anali kufuna kuti mfundo iliyonse ikhale ndi umboni wa zocitika zenizeni, maina a midzi, ziwerengero ndi mbiri ya mkangano kucokera pa ciyambi. Analinso munthu wofuna kuti zinthu ziyende monga mmene iwo anaonera, ndipo ena mwa ophunzira ao anadzapatukana nao maganizo. Anali wokonda mpira kwambiri, ndipo masiku a masewera anali kutenga anzao a pa nchito ndi ophunzira kupita nao ku Old Trafford kukaonerera timu ya Manchester United.

Pa nkhani ya anthu a m'matauni, iwo anatsutsa maganizo a atsamunda akuti munthu wakuda wokhala ku mgodi ndi mlendo cabe amene kwao kweni kweni ndi kumudzi. Anaphunzitsa kuti wogwira nchito mumgodi ayenera kumvedwa monga wanchito wa mumgodi, wokhala ndi zofuna zofanana ndi za anchito a m'migodi ya maiko ena, monga malipiro, nyumba ndi mabungwe omuimirira. Eni migodi sanakondwere ndi kafukufuku wotere, ndipo a Epstein analetsedwa kupitiriza nchito yao m'komboni ya mgodi ku Luanshya.

Anthu wamba a ku Britain anawadziwa a Gluckman kupyolera pa wailesi. Mu 1955 anakamba nkhani zisanu ndi imodzi pa BBC, zimene zinasonkhanitsidwa m'buku la Custom and Conflict in Africa. M'nkhanizi anafotokoza kuti mikangano ina imamanga anthu m'malo mowapasula, cifukwa munthu amene ndi mdani wako pa nkhani imodzi amapezeka kuti ndi mlamu wako kapena mnansi wako pa nkhani ina, ndipo anthu okhala pakati amakakamiza mbali zonse kuti zigwirizane. Anafotokozanso za miyambo monga incwala ya Aswazi, pamene anthu amaimba nyimbo zonyoza mfumu yao poyera. Malinga ndi iwo, mwambo wotere umatulutsa mkwiyo koma umalimbitsa ufumu, popeza anthu angafune kucotsa mfumu yoipa osafuna kuthetsa mpando wake. Mu 1963 analembanso za miseche, kuonetsa kuti ngakhale kujeda kuli ndi malamulo ake ndipo kumasonyeza amene ali m'gulu ndi amene ali kunja.

Ulemu unabwera pang'onopang'ono. Mu 1945, akali m'dziko muno, bungwe la Royal Anthropological Institute la ku London linawapatsa mendulo ya Wellcome. Mu 1954 bungwe lomwelo linawapatsa mendulo ya Rivers, imene imaperekedwa kwa amene acita bwino pa kafukufuku wokhala pakati pa anthu. Mu 1963 sukulu ya zamalamulo ya pa yunivesiti ya Yale ku America inawaitana kukakamba nkhani zapadera zochedwa Storrs Lectures, ndipo iwo anasankha kukamba za malamulo a Alozi pamaso pa maloya a ku America. Nkhanizi zinasindikizidwa mu 1965 m'buku la The Ideas in Barotse Jurisprudence. Mu 1968 anasankhidwa kukhala membala wa British Academy, umene ndi umodzi wa maulemu apamwamba kwambiri kwa akatswiri a maphunziro otere ku Britain. Cimene cimaonetsa bwino kukula kwa uphunzitsi wao ndi cakuti a Barnes, a Mitchell, a Turner ndi mai Colson onse anadzalandiranso mendulo ya Rivers pa nchito zao.

Koma si maboma onse amene anawalandira ndi manja awiri. A Gluckman anatsutsa poyera tsankho la ku South Africa ndi Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cimene cinakhazikitsidwa mu 1953, ndipo akuluakulu a atsamunda anali kuwakayikira. Mu 1960, ali paulendo wa maphunziro ku Australia, boma la dzikolo linawakaniza cilolezo colowera ku New Guinea, nkhani imene inamveka kwambiri m'manyuzipepala. Anadzaonanso Barotseland mu 1965, dziko la Zambia litalandira kale ufulu.

Panalinso ena amene anawatsutsa kucokera ku mbali ina. Mu 1971 katswiri wa ku South Africa, a Bernard Magubane, amene anaphunzitsapo pa University of Zambia, analemba kuti ofufuza a gulu limeneli anayang'ana kwambiri pa zovala, magule ndi mitundu ya anthu a m'tauni, osaika patsogolo nkhanza za utsamunda weniweniwo. Mtsutso umenewu unathandiza mbadwo watsopano wa ophunzira a ciafirika kufunsa kuti mbiri ya anthu iyenera kulembedwa ndi yani.

Funso limeneli likukhudzanso anthu a m'dziko muno amene anagwira nchito pambali pa ofufuzawa. Panali omasulira, alembi ndi othandiza pa kafukufuku amene anayenda khomo ndi khomo m'makomboni ndi m'midzi, kufunsa mafunso ndi kumasulira miyambi ndi milandu. Popanda iwo mabuku ochukawo sakanalembedwa, koma mamendulo anapita kwa amene maina ao anali pacikuto. Buku la mai Lyn Schumaker la mu 2001, Africanizing Anthropology, linaonetsa kukula kwa nchito ya anthu amenewa, ndi kuti ena mwa iwo anadzalowa m'ndale, m'mabungwe a anchito ndi m'maudindo a boma. Ndiponso nzeru za malamulo zimene zinadabwitsa maloya a ku Yale zinali za nduna za ku Lealui. Nchito ya a Gluckman inali kuzimvetsera mwaulemu, kuzilemba mosamala ndi kuziteteza pamaso pa anthu amene anali kuzipeputsa.

M'zaka zao zomaliza anatsogolera kafukufuku wina waukulu m'dziko la Israel, kumene anaumbanso gulu lina la ophunzira. Mu 1971 anatula pansi utsogoleri wa cigawo cao ku Manchester kuti apeze nthawi yofufuza ndi kulemba. Anamwalira ku Jerusalem pa 13 April 1975 ali ndi zaka 64, panthawi imene anali kuphunzitsa monga mlendo pa Hebrew University. Anasiya mkazi ndi ana aamuna atatu. Mu 1978 anzao anatulutsa buku lowakumbukira lochedwa Cross-Examinations, ndipo mu 2018 a Robert Gordon anasindikiza buku la mbiri ya moyo wao.

Bungwe limene anatsogolera linasamukira ku Lusaka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, ndipo pamene University of Zambia inali kukhazikitsidwa linakhala mbali ya yunivesitiyo. Litasintha maina kangapo, tsopano limachedwa Institute of Economic and Social Research. Mabwalo a mafumu ndi makhoti aang'ono akali kuweruza milandu ya minda, ukwati ndi cuma ca masiye m'zigawo zonse za dziko lino, ndipo wophunzira aliyense wofuna kudziwa mmene mabwalo otere anali kugamulira milandu zaka 80 zapitazo amayambira pa zimene zinalembedwa ku Lealui.